Tidalimbana ndi K4 biliyoni, K45 biliyoni idadutsa mwakachetechete

Alamu anga ali m'gulu la banki mkhonde ku Chilomoni. Loweruka lina chaka chatha gululi lidakumana pakhonde la kwathu, chifukwa kunyumba komwe amakumana nthawi zonse kudali maliro. Ine ndidali m'nyumba, koma zenera lidali lotsekula. Nkhani zidalipo ziwiri. Mayi wina, m'bale wake wa wapampando, adatenga ngongole yaikulu kuposa aliyense kuti akapikule kaunjika ku Limbe. Bizinesi idagwa ndipo ndalama sizidabwerere. Nkhani inayo idali yakuti pamsonkhano wa mwezi wapitawo msungichuma adagula Fanta ndi masikono ndi ndalama za thumba la zadzidzidzi osafunsa gulu.

Nkhani ya Fanta idatenga ola lathunthu. "Amayi, tidapangana liti kuti thumba la maliro ndi la Fanta?" adafunsa wina. "Enafe tidamwa madzi, ndiye tilipire nawo bwanji?" adatero winanso. Msungichuma adatsala pang'ono kulira. Ya ngongole ija sidathe ngakhale mphindi khumi. Wapampando adangoti, "Amayi anzanga, tikaikoka nkhani imeneyi gulu litha. Tiyeni tingosenzerana mtolowu tonse." Dzuwa lidali litapendeka, anthu atatopa, ana kunyumba akudikira nsima. Adavomera.

Loweruka limenelo ndimalikumbukira nthawi zonse ndikamva kuti boma likufuna kuwombola kampani kapena banki yomwe yamira m'ngongole. Mkangano umabuka ndithu, aphungu amakwiya, mawayilesi amadzaza ndi mafoni a anthu okwiya. Koma mukamvetsera bwino mupeza kuti ukali wonsewo ukupita pa Fanta. Sindikunena kuti Fanta uja alibe mlandu. Ndikunena kuti phokoso lake limathandiza amene adadya thumba lonse, ndipo andale, a boma ndi otsutsa omwe, amalidziwa bwino phindu la phokosolo.

Matendawa si a kuno kokha. Chitsanzo chake chachikulu chidachitika ku America mu 2008. Pa 15 Sepitembala chaka chimenecho banki ya Lehman Brothers idagwa, itamira m'ngongole za nyumba zomwe anthu adalephera kubweza. Mabanki ena adayamba kuopana, osabwerekananso ndalama. Nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, Henry Paulson, idapita ku Congress, Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, ndi chikalata cha masamba atatu okha chopempha madola 700 biliyoni opulumutsira mabankiwo. M'masamba atatuwo mudali ndime yonena kuti chilichonse chomwe ndunayo ingachite ndi ndalamazo sichidzafunsidwa ndi khoti kapena bungwe lililonse la boma. Munthuyu, tisaiwale, asadakhale nduna adali mkulu wa banki ya Goldman Sachs.

Pa 29 Sepitembala nyumba ya aphungu idakana biluyo ndi mavoti 228 kwa 205. Tsiku lomwelo msika wa masheya ku New York udagwa ndi mapointi 777, kugwa komwe kudali kusadaonekepo. Kenaka nyumba inayo ya Congress, ya Senate, idatenga biluyo n'kuipachika zinthu zina zambirimbiri mpaka idafika masamba oposa 400. Pa 1 Okutobala Senate idavomereza ndi mavoti 74 kwa 25, pa 3 Okutobala nyumba ya aphungu idasintha maganizo n'kuvomereza ndi mavoti 263 kwa 171, ndipo Pulezidenti George W. Bush adasayina tsiku lomwelo.

Zomwe adapachikazo ndi zomwe zidautsa mapiri pachigwa. Mudali kuchotsa msonkho pa mivi yamtengo yomwe ana amaphunzirira kuponya uta. Mudali ndalama za msonkho wa mowa wa rum zopita ku Puerto Rico ndi Virgin Islands. Mudali kuchepetsera msonkho eni mabwalo a mpikisano wa magalimoto. Kumeneko zinthu zotere amazitchula kuti pork, nyama ya nkhumba, kutanthauza kanyama komwe phungu amapita nako kwawo kuti akawoneke wogwira ntchito. Ife kuno timati masikono kapena mabanzi. Kwa masiku angapo mivi ya ana idali nkhani pa TV iliyonse. John McCain, yemwe kampeni yake ya upulezidenti chaka chimenecho idatsamira pa kudana ndi kusakaza kotereku, adavotera biluyo. Barack Obama adavoteranso.

Tsopano tiyeni tiwerengere. Kuchotsa msonkho pa miviyo kudayerekezedwa kuti kutayitsa boma madola 2 miliyoni pa zaka khumi. Kuika 2 miliyoni pambali pa 700 biliyoni kuli ngati munthu amene wabwereketsa K350,000 n'kumakangana za K1 imodzi yomwe yagwera m'ngalande. Ngakhale kondakitala wa minibasi ya ku Bangwe, yemwe amakumbukira chenji cha dzana, sangataye malovu pa K1.

Chomwe chidali ndi kulemera m'bilu ija chidali china, ndipo sichidakome kuchikamba pa TV. Ndime ija yoti nduna isafunsidwe idachotsedwa. Lamulo lidakhazikitsa ofesi ya wofufuza wapadera woyang'anira ndalamazo, ndipo woyamba kukhala pampandowo adali Neil Barofsky. Lidakhazikitsanso komiti yoima payokha yomwe idatsogoleredwa ndi Elizabeth Warren, yomwe inkatulutsa malipoti pafupipafupi. Ndalama zambiri zopita kumabanki sizidali mphatso: boma lidagula masheya m'mabankiwo, n'kumalandira phindu la 5 pa 100 aliwonse pachaka, lomwe limayenera kukwera kufika pa 9 pakatha zaka zisanu. Banki yochedwa kubweza inkadzipsereza yokha. Pamapeto pake ndalama zomwe zidaperekedwa sizidafike madola 450 biliyoni, ndipo mabanki onse pamodzi adabweza zoposa zomwe adalandira. Boma lidaluza kwina, monga pa kampani ya magalimoto ya General Motors komwe lidataya pafupifupi madola 11 biliyoni.

Sindikuwayamikira a ku America ngati angelo. Mabanja mamiliyoni adalandidwa nyumba pomwe akuluakulu a mabanki adapulumuka ndi malipiro awo, ndipo mkwiyo wa zimenezi ukadalipo m'ndale zawo. Komanso matenda a Fanta sadawathere. Mu Malichi 2009 dziko lonse lidapsa mtima litamva kuti kampani ya inshuwalansi ya AIG, yomwe boma lidaipulumutsa, yapereka mabonasi a madola 165 miliyoni kwa antchito ake. Sabata yomweyo kudatuluka mndandanda wa mabanki omwe adalandira ndalama kudzera mwa AIG yomweyo, ndipo Goldman Sachs yokha idalandira pafupifupi madola 13 biliyoni. Mabonasi aja ndi omwe adatenga mitu ya nkhani. Koma onani kuti mndandanda udatuluka, maina ndi ndalama zake, aliyense n'kuwerenga.

Tibwerere kwathu kuno, chifukwa nafe tili ndi mivi yathu.

Kumayambiriro kwa 2018, pomwe aphungu ankaunika momwe bajeti yayendera pakati pa chaka, kudatulukira ndalama pafupifupi K4 biliyoni zomwe gawo lake lalikulu lidakonzedwa kuti lipite kumadera a aphungu 86 okha, dera lililonse K40 miliyoni. Zidamveka kuti aphunguwo adali omwe adathandiza boma kukana mabilu osintha malamulo a zisankho mu Disembala 2017. Otsutsa boma adakalipa. Kenaka kudachitika chinthu chomwe mpaka lero chimandiseketsa mowawa: mbali zonse zidakumana n'kugwirizana kuti ndalamazo zigawidwe kumadera onse 193, lililonse pafupifupi K20.7 miliyoni. Chomwe chidali tchimo dzulo chidasanduka chitukuko lero, chifukwa mbale yafika kwa aliyense. Anthu sadapusitsike. Mabungwe omenyera ufulu adachititsa ziwonetsero pa 27 Epulo 2018, ndipo kuno ku Blantyre anthu adayenda nawo mumsewu. K4 biliyoni idali pamilomo ya aliyense, kuyambira mumsika wa Ndirande mpaka m'mabala a ku Kamba.

Mu kuunika bajeti komweko, nduna ya zachuma Goodall Gondwe idauza Nyumba ya Malamulo kuti boma lalipira pafupifupi K45 biliyoni kuwombola ADMARC ku ngongole za mabanki. Kuchulukitsa K4 biliyoni ka khumi ndi kamodzi, simudafikebe. Pa mtengo wa K12,500 womwe ADMARC inkagulitsira thumba la chimanga la makilogalamu 50 kumapeto kwa 2016, ndalama imeneyi ndi matumba 3.6 miliyoni. Nkhaniyi idalembedwa m'nyuzipepala, akatswiri a zachuma adaikamba, a IMF, bungwe lobwereketsa ndalama kumaiko, adaitchula. Koma funsani munthu aliyense pasiteji ya Ginnery Corner zomwe akukumbukira za chaka chimenecho. Ngati akumbukira kanthu, akumbukira K4 biliyoni.

Ngongoleyo idabwera motere. Mu 2016 kudagwa chilala, anthu oposa 6 miliyoni adafunika thandizo la chakudya. ADMARC idabwereka ndalama kumabanki, boma litaima ngati mboni yolonjeza kubweza, n'kugula chimanga pa mtengo wokwera. Ndi nthawi yomweyo yomwe kudabuka nkhani ya kukayikitsa kwa momwe ADMARC idagulira chimanga ku Zambia, yomwe idafufuzidwa ndi komiti yotsogoleredwa ndi mkulu wakale wa makhoti Anastasia Msosa. Mabungwe othandiza adagawa chakudya, mavenda ankagulitsa motchipa kuposa ADMARC, ndipo anthu sadathamangire kumadepoti monga ankayembekezera. Mu 2017 mvula idagwa bwino, zokolola zidachuluka, mtengo wa chimanga udagwa pansi. Boma lidali litaletsanso kugulitsa chimanga kunja. ADMARC idatsala ndi nkhokwe zodzadza ndi chimanga chodula, ngongole ikubereka chiwongola dzanja usiku ndi usana. Mabanki adabwera kudzagogoda kwa mboni, ndipo mboniyo ndi inu ndi ine.

Pankhani imeneyi pali mafunso omwe akadayenera kutenga sabata yathunthu m'Nyumba ya Malamulo. Adaganiza zogula chimanga chochuluka chotero pa mtengo umenewo ndani, a ADMARC eni ake kapena adalamulidwa kuchokera ku Capital Hill? Adagulitsa chimangacho kwa ADMARC ndani, alimi kapena amalonda akuluakulu omwe adali atagula kale kwa alimi pa mtengo wolira? Mabanki adalandira chiwongola dzanja chochuluka bwanji pa ngongole yomwe kwa iwo idalibe chiopsezo chilichonse? Nanga chimanga chotsalacho chitagulitsidwa, ndalama zake zidabwerera ku thumba la boma? Mafunso otere ndi otopetsa. Amafuna kuwerenga makalata, kuitana anthu, kukhala pansi ndi manambala. Kukalipira K4 biliyoni n'kosavuta, ndipo kumamveka bwino pawayilesi madzulo.

Zaka zinayi zitadutsa, mu 2022, nduna ya zaulimi Lobin Lowe idaimitsa ntchito za ADMARC ndipo antchito onse, pafupifupi 4,000, adauzidwa kuti akhale kunyumba. Ambiri mwa iwo pambuyo pake adachotsedwa ntchito. Ena adali alonda, ena oyeza chimanga pasikelo m'madepoti a kumudzi. Amenewa sadasayine ngongole ya banki iliyonse. K45 biliyoni ija idalipira mabanki koma sidachize ADMARC, chifukwa idaperekedwa popanda kusintha chilichonse pa zomwe zidadwalitsa bungwelo.

Nkhani ya Malawi Savings Bank ndi yoipirapo. Mu 2015 boma lidagulitsa bankiyi ku FDH Financial Holdings, aphungu ambiri ndi mabungwe akukana. Isadagulitsidwe, boma lidasenza ngongole zoola za pafupifupi K6 biliyoni zomwe makampani ndi anthu ochepa adatenga kubankiyo osabweza, ndipo gawo lalikulu lidali la kampani imodzi. Lidalonjeza kuti lidzatolera ndalamazo kudzera mu kampani yapadera yotolera ngongole, ndipo milandu yake idakoka zaka m'makhoti. Taganizani. Mayi wa ku Zingwangwa akalephera kubweza ngongole yochepa kubungwe lobwereketsa ndalama, amabwera kudzanyamula mipando ndi malata. Munthu wa katapila amasunga khadi lanu la kubanki mpaka mwezi uthe. Koma wotenga mabiliyoni ngongole yake imasamutsidwira kwa mayi yemweyo, kudzera mumsonkho wa VAT womwe amalipira pa sopo ndi pa mayunitsi a foni.

Apa wina anena kuti, "Ndiye mukufuna kuti boma lizingoyang'ana makampani ake akufa?" Ayi. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Banki ikagwa sagwa nayo mwini wake yekha, amagwa nayo mphunzitsi wopuma ntchito amene amalandirira penshoni yake kumeneko. ADMARC ikatseka depoti ku Neno kapena ku Nsanje, mlimi amatsala m'manja mwa venda wa sikelo yobera, ndipo nthawi ya njala mtengo wa chimanga umakwera popanda woubweza. Madzi omwe timamwa mu Blantyre muno ambiri amachokera mu Shire ku Walker's Ferry, amapopedwa ndi magetsi kukwera mapiri mtunda wautali, ndipo mtengo wa magetsiwo ndi mtolo waukulu pa Blantyre Water Board, pomwe maofesi ena a boma lomwelo amadziwika ndi kuchedwa kulipira mabilu a madzi. Bungwe lotere likatsamwa simunganene kuti lingofa. Amene amanena kuti "asiyeni agwe, msika ukonza" nthawi zambiri ali ndi thanki ya madzi kuseri kwa nyumba ndi jenereta m'galaja.

Koma mwambi wa khoswe uja sudanene kuti muzimupatsa khosweyo nsima pamkhate pomwepo. Mumateteza mkhate, khoswe n'kumuchotsa. Ife timateteza mkhate ndi khoswe yemwe, ndipo chaka chamawa timamupeza atabereka.

Pali chifukwa chinanso chomwe ife sitiyenera kutengera kuwolowa manja kwa America. Iwo amabwereka m'ndalama yawo, yomwe dziko lonse lapansi limaifuna, pa chiwongola dzanja chochepa. Boma lathu likawombola kampani, ndalamazo silizitenga m'nkhokwe ina yobisika. Limadula kwina m'bajeti, kapena limakabwereka kumabanki a m'dziko momwemuno pa chiwongola dzanja chokwera, nthawi zina kumabanki omwewo omwe likuwalipira. M'zaka zaposachedwapa chiwongola dzanja cha ngongole za boma chakhala chikudya ndalama zambiri m'bajeti kuposa zomwe zimapita ku zaumoyo. Ngongole yomwe idayamba ngati chimanga cha 2016 imatha kudzaoneka ngati mankhwala osowa ku chipatala zaka zingapo kutsogolo, kapena ngati kugwa kwa kwacha konga kwa Novembala 2023, pomwe idatsika ndi 44 pa 100 aliwonse tsiku limodzi. Sindikuti ADMARC yokha ndiyo idagwetsa kwacha. Ndikuti mitolo yotere ikaunjikana, pamapeto pake amaisenza ndi munthu wogula kathumba ka ufa ka tsiku limodzi.

Wina angabwerenso mbali inayo n'kuti, "Mukupeputsa K4 biliyoni ngati ndi ndalama yochepa." Sindikupeputsa. Ndalama imeneyo ikadamanga midadada yambiri ya sukulu, ndipo amene adayenda mumsewu pa 27 Epulo adachita bwino. Kuipa kwa masikono sikuli pa mtengo wake ayi, kuli pa chomwe amagula. Amagula chete. Ku America mavoti ovomereza adakwera kuchoka pa 205 kufika pa 263 m'masiku anayi. Ena adasintha chifukwa cha mantha ataona msika ukugwa, ena chifukwa biluyo idakweza ndalama zotetezedwa za osunga kubanki kuchoka pa madola 100,000 kufika pa 250,000, chomwe chidali chinthu chanzeru. Koma ena adasintha chifukwa mudalowa kanthu ka kwawo. Phungu amene walandira kanthu ka kwawo safunsanso mafunso ovuta pa ndalama yaikuluyo. Ndiye masikono ndi oopsa, inde, koma kuopsa kwake kumaonekera pa K45 biliyoni. Tikathera ukali wathu wonse pa sikono n'kuiwala chomwe sikonoyo idagula, tathandiza wogulayo kawiri.

Ndipo andale athu mbali zonse amaukonda mkangano wa masikono chifukwa ndi wotetezeka. Wotsutsa boma akamakalipira magalimoto atsopano a nduna kapena maulendo a kunja, sataya kanthu. Akayamba kufunsa kuti makampani a boma aziyendetsedwa ndi anthu osankhidwa poyera, osati opatsidwa mipando ya bodi ngati chithokozo cha kampeni, akudula nthambi yomwe akuyembekezera kudzakhalapo chisankho chikatha. Taona zipani zikusinthana mipando kangapo kuyambira 1994. Amene ankakalipa akalowa m'boma amapeza kuti ADMARC, ESCOM ndi mabungwe a madzi ndi malo abwino osungirako anzawo ndi kutumirako malamulo a pafoni. Amene atuluka amatola mawu omwe anzawo adasiya pa benchi ya otsutsa n'kuyamba kuwalankhula. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, lakhala likukwera pansi pa maboma osiyanasiyana, kufika K100 miliyoni mu 2022 ndi K200 miliyoni pambuyo pake, ndipo pa nkhani imeneyi simumva mbali ziwirizi zikutukwanizana kwenikweni.

Chomwe ndikufuna ine si chachilendo. Kuwombola kampani kuzibwera ku Nyumba ya Malamulo ngati bilu yakeyake, yoima payokha, osati ngati mzere umodzi m'chikalata cha bajeti ya pakati pa chaka, ndalama zitalipidwa kale. Biluyo isanyamule china chilichonse: pasakhale mlatho wa kwa phungu wakuti, pasakhale zowonjezera pa CDF. Phungu avote pa funso limodzi, dzina lake lilembedwe, tidzamufunse kumudzi. Malamulo a Nyumbayi amafuna kuti bilu idziwike masiku 28 isadakambidwe, koma tazolowera kumva kuti lamuloli laimikidwa kaye chifukwa nkhani ndi yachangu, makamaka pa mabilu a ngongole. Ngongole ya ADMARC sidagwe kumwamba usiku umodzi. Idakula kwa miyezi yoposa khumi ndi iwiri anthu akuiona. Changu chimabwera chifukwa wina adakhala chete mpaka tsiku lomaliza, ndipo changucho ndi chida chomwe wapampando wa ku Chilomoni uja adagwiritsa ntchito dzuwa litapendeka.

Mu biluyo muzikhala maina. Ngati tikulipira ngongole zoola za banki, tiuzidwe adatenga ndani, zingati, chikole chake chidali chiyani ndipo adavomereza ngongoleyo ndani. Chinsinsi cha pakati pa banki ndi kasitomala wake chimatha tsiku lomwe ngongoleyo yasamukira kwa okhoma msonkho, pakuti kuyambira tsikulo wobwereketsa ndi ife. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, koma si bwino kuti nzika izichita kulemba makalata kuti idziwe amene ikumulipirira ngongole. Ndipo ndalamazo zizituluka pang'onopang'ono, gawo lililonse pambuyo poti kampaniyo yachita zomwe idalonjeza, lipoti lake litaperekedwa poyera ku komiti ya aphungu yolondoloza ndalama za boma (PAC). Anzathu a ku South Africa, omwe nawo atopa ndi kuwombola makampani a boma, adachita zofanana ndi zimenezi mu 2023 pa kampani ya magetsi ya Eskom: adapanga lamulo lapadera la marandi 254 biliyoni operekedwa m'zaka zitatu, ngati ngongole yomwe imasandutsidwa masheya a boma pokhapokha kampaniyo ikakwaniritsa mfundo zomwe idapatsidwa. Abale athu omwe ali ku Joni angakuuzeni kuti Eskom si chitsanzo cha ukhondo. Koma lamulolo lilipo, lili ndi dzina, ndipo munthu angathe kuliwerenga n'kufunsa kuti mfundo yakuti yakwaniritsidwa kapena ayi.

Gawo lovuta kwambiri ndi la boma lenilenilo, chifukwa nthawi zambiri ndilo limadwalitsa makampani ake. Likalamula ADMARC kugula kapena kugulitsa pa mtengo wandale, liike ndalama ya ntchitoyo m'bajeti chaka chomwecho, aphungu aione, m'malo motuma bungwelo kukabwereka kubanki n'kudzadabwa pambuyo pake. Likaletsa bungwe la madzi kukweza mtengo chifukwa chisankho chayandikira, livomere kuti kusiyanako lilipira ndi ilo, ndipo maofesi ake ayambe alipira mabilu awo. Kuthandiza osauka kugula chimanga chotchipa si kusakaza. Kusakaza ndi kubisa mtengo wa thandizolo m'mabuku a kampani mpaka utatupa ndi chiwongola dzanja, kenaka n'kubwera nawo ku Lilongwe ngati ngozi yogwa mwadzidzidzi. Nkhanga zidapangana kusadapse, ndipo mfundo zimenezi ziyenera kulembedwa tsopano, pomwe palibe kampani yomwe yagwada pakhomo, chifukwa tsiku lomwe idzagwade tidzauzidwanso kuti nthawi yokambirana palibe.

Atolankhani ndi ife owerenga tili ndi gawo lathu pa mlanduwu. Nkhani ya nduna yomwe yagona hotela yodula imayenda pa WhatsApp ngati moto wolusa, chifukwa hotela timaidziwa ndipo mtengo wake tingathe kuuyerekeza ndi malipiro athu. Biliyoni sitidaionepo. K4 biliyoni ndi K45 biliyoni m'khutu zimamveka ngati zofanana, zonse ndi "ndalama zankhaninkhani". Inenso mu 2018 ndidali m'gulu la okalipira K4 biliyoni pa Facebook, ndipo za ADMARC ndidangoziwerenga pamwamba n'kutembenuza tsamba kupita ku zamasewero.

Gulu la alamu anga lidagawana ndalama mu Disembala, monga amachitira chaka chilichonse. Aliyense adalandira zochepa kuposa zomwe ankayembekezera, chifukwa ngongole ya kaunjika ija idachotsedwa pa masheya a onse. Alamu anga adafuna kugula matumba awiri a feteleza, adagula limodzi. Mu Januwale gulu lidasankha msungichuma wina, ndipo lidalemba m'kope lamulo latsopano loti pamsonkhano aliyense azibwera ndi chakumwa chake. Wapampando akadali yemwe uja, ndipo m'bale wake uja ndamva kuti walembetsanso dzina kuti atenge ngongole mwezi wamawa.